Nyemba Zimene Zinalowa mu Uvuni

Mitambo yayamba kuunjikana, ndipo mphepo ikununkha dothi. Nyengo ngati iyi aliyense amene ali ndi munda amatsitsa mbewu yake n'kuipeta.

Mayi wina amene amaphunzitsa bayoloje pa yunivesite alibe munda. Ali ndi labotale ya mawindo ovuta kutsegula, makina oonera tinthu ting'onoting'ono amene ophunzira amalimbirana, ndi uvuni woumitsira zomera. Ophunzirawo amamutcha Mayi Muzu, chifukwa phunziro lililonse amaliyambira pansi pa nthaka. Anakulira kumudzi. Mpaka lero mvula ikagunda pa malata, amasiya chiganizo pakati n'kumvetsera.

Amayi ake atamwalira, m'nyumba munatsala nyemba zawo zodzadza manja awiri, zofiira za mawanga oyera, zimene ankabzala chaka ndi chaka osagula kwa munthu. Mkulu wake ankafuna kuzisunga m'chitini.

"Anankafumbwe azitha," anatero Mayi Muzu. "Ndipatseni. Kuntchito kwathu mbewu timaisunga bwino."

Anaziika mu envelopu ya khaki, pa shelefu, pambali pa maenvelopu ena a khaki a mbewu za m'labotale. Sanalembepo kanthu, iye amene amadula malikisi wophunzira akaiwala kulemba pa botolo. M'nyengo yozizira kunafika phunziro loyeza madzi a m'mbewu: kuika pa sikelo, kuumitsa mu uvuni, kuikanso pa sikelo. Maenvelopu onse anawagawa yekha m'magulu a ophunzira, akuthamangira kumsonkhano. M'mawa mwake mtsikana wina, potulutsa mbale mu uvuni, anati, "Madamu, koma zathuzi n'zokongola."

Mayi Muzu anasuzumira m'mbalemo: zinali nyemba za amayi ake zija.

Amadziwa kuposa aliyense zimene kutentha kotero kumachita ndi kamoyo ka m'kati mwa mbewu. Komabe anaziyala pa thonje lonyowa, m'timbale tagalasi, n'kumaziyendera m'mawa uliwonse asanavule jekete. Zinafufuma, zinachita nkhungu, zinanunkha.

Dzulo mkulu wake anaimba foni.

"Aphunzitsi, mitamboyi mukuiona, kapena mumangoona za m'makina?"

"Ndikuiona, achemwali."

"Mizere ndamaliza. Malo a amayi aja ndawasiya, kuseri kwa khitchini. Utumize pa basi ya Loweruka."

"Achemwali..."

"Chiyani? Unadya?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe ndi nyemba, kuyambira uli wamamina."

"Sindinadye."

"Basi, tumiza. Chaka chino ndikufuna m'nyumba muno mumvekenso fungo la mphika wa amayi."

Mayi Muzu anatsala pang'ono kuulula. M'malo mwake anafunsa za bondo la alamu.

Lero ataweruka anapita kumsika, n'kugula nyemba zofiira kwa ogulitsa osiyanasiyana. Anabwerera kulabotale, nazikhuthulira pa thireyi yoyera. Akudziwa kuti khungu lofanana si mtundu wofanana. Zidzayanga mosiyana, zidzachita maluwa ena, zidzapsa mochedwa pamoto. Mkulu wake akapanda kumukayikira, adzadandaula za nthaka, kapena adzati manja ake ndiwo alibe mwayi ngati a amayi. Apa ndi pamene pakumupweteka kwambiri.

Anayandikitsa nyale, natenga kopanira ndi galasi lokulitsa zinthu. Anasankha imodzi imodzi: zofiira kwambiri uko, za mawanga akuluakulu uko, zofumbwa pansi. Madontho oyamba anagunda pa malata, koma sanadzutse mutu. Zitakwana manja awiri anazithira m'kathumba ka nsalu, nasoka pakamwa pake, nadula ulusi ndi mano.