Tinyemba totuwa ta amayi

Amayi ankadzala nyemba zosakaniza. Mumtsuko wawo wa mbewu, m'kati mwa phulusa, munkakhala nanyati, kayera, phalombe ndi tina ting'onoting'ono totuwa topanda dzina, timene anachokera nato kwawo ku Kandeu pobwera ku chitengwa kuno ku Mlangeni.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni, koma ndili bambo wa ana awiri ndinatola buku la sayansi lopanda chikuto, basi ndinasanduka pulofesa wa mudzi wonse. Bukulo linkati chamoyo chilichonse chili ndi gulu lake. Ine ndinamva kuti kusakaniza ndi umbuli. Masamba otsatira, amene mwina akanandiwongola, wina anali atapichirira fodya.

Ndinakhuthulira mbewu ija pamphasa n'kuisankha masiku awiri, mtundu uliwonse mulu wakewake.

"Amayi, tidzale nanyati yekha. Ndi amene ali ndi msika."

"Nanga tinato talakwa chiyani?"

"N'tachabechabe. Tingodya."



"Wowerenga ndiwe," anatero amayi.

Sindinadziwe ngati akunditama kapena akundiseka. Totuwa tija tinadya ndithu, tonse, ndipo tinali tokoma.

Chaka chimenecho mvula inakakamira. Nanyati anagwidwa chiwawu, masamba n'kuthothoka, makoko kuolera m'munda. Amayi sanandikalipire. Tikuzula mitengo yakufayo anangonena kuti zaka zina za mvula yotere nanyati ankafanso, koma totuwa tinkapirira, ana n'kudya. Aka kanali koyamba kundiuza. Inenso ndinali ndisanawafunsepo.

Amayi anayenda khomo ndi khomo ndi kansalu, kupempha mbewu dzanja limodzilimodzi. Kayera anampeza, phalombe anampeza. Za totuwa aliyense ankati, "Ife timadalira inu, mayi." Ku Kandeu abale awo anali atasiya kale kudzala. Zaka zinayi zimene anakhalanso ndi moyo, mlendo aliyense wofika pakhomo ankamufunsa za tinyemba timeneti.

Chaka chatha ku Manjawira ndinaona tofanana nato m'lichero la mayi wina. Ndinagula kapu imodzi, n'kudzala kuseri kwa nyumba, mzere umodzi, kuthirira ngati mwana wodwala. Titachita maluwa ndinaitana achemwali anga aakulu, amene ankapalira ndi amayi kuyambira ali mtsikana. Anawerama, n'kugwira duwa limodzi.

"Achimwene, awa ndi oyera. Ta amayi tinkachita maluwa ofiirira."

Mzerewo ndinakolola ndithu, mbewu n'kusunga. Koma si tomwe tija.