Mzere wa Mayi Khosi

Anyamata a ragibi ankawatchula kuti Mayi Khosi, chifukwa pabwalo nyimbo yawo inali imodzi: limbitsa khosi, mutu pambali. Kuyunivesite anali mphunzitsi wofufuza za kuvulala kwa ana pamasewerawa. Kaofesi kawo kanadzaza mafayilo, ndipo pazenera panali chigaza cha pulasitiki chimene ankachiveka chipewa chawo. Kwa zaka khumi ndi zitatu, Loweruka lililonse ankaima m'mphepete mwa bwalo ndi kope, kulemba amene wagwa, mmene wagwera, ndi nthawi imene wadzuka.

Chaka chikayamba, mnyamata aliyense ankayenda pamzere wa choko, phazi kutsogolo kwa phazi, iwo akulemba mmene wayendera. Mwana akagunda mutu ankamuyendetsanso. Akadzandira kuposa poyamba paja, ndiye kuti ubongo wagwedezeka: masabata atatu osasewera.

Chaka china timu yonse inadzandira tsiku loyamba lomwelo ngati yochokera kumowa. Ngakhale kaputeni, mwana wa mchimwene wawo amene anamulera okha, ankapepesuka. Mayi Khosi analemba zonse, koma mtima sunakhazikike. Mwanayu ali ndi zaka zisanu ankayenda pamwamba pa mpanda wa njerwa atanyamula kapu ya tiyi, osatayako ndi dontho lomwe.

Kutatsala sabata imodzi kuti asewere fainolo, kaputeniyo anagunda mutu pabondo la mnzake. Anadzuka akuseka, akuti ali bwinobwino. Pamzere anadzandira ndendende ngati poyamba. Kochi mtima unakhala pansi, nati manambala akulola kuti asewere.

Mayi Khosi anatseka kope. Anamutengera mwanayo kuseri kwa basi ya timu, namufunsa mofatsa chimene chinkamudzandiritsa kumayambiriro kwa chaka. Mwanayo anakanda pansi ndi nsapato kwa kanthawi, kenako anaulula. Onse anapangana kudzandira dala tsiku lija, kuti wina akadzavulala pasaoneke kusiyana. Koma lero, anavomera, sankachita dala.

"Azakhali, ndi masewera amodzi okha," anatero akulengeza misozi.

"Masewera adzabweranso, mwanawe. Mutuwu ndikaupeza kuti wina?"

Kaputeniyo sanasewere. Anaonerera ali pabenchi, ndipo sabata yonse moni ankayankhira kukhosi. Nawonso Mayi Khosi sizinawayendere bwino. Manambala a chaka chathunthu anawadula mzere wofiira, nalembera anzawo ofufuza kuti anapusitsidwa ndi ana asukulu. Akuluakulu ena anaseka, koma angapo anakayang'ananso makope awo mwakachetechete.

Chaka chotsatira mzere uja unasanduka mpikisano. Woyenda bwino kuposa onse ndiye amayamba kusankha nambala ya jezi, ndipo palibenso amene amadzandira dala. Choko amagwira ndi kaputeni wakale uja. Akamajambula mzere amachenjeza atsopano kuti asayerekeze, chifukwa azakhali akewo amakumbukira ngakhale mmene munthu ankayendera ali ndi zaka zisanu.