Tipeksi ya Mayi Rahila

Mayi Rahila Swaibu anakalambira pa makina a taipi. Kompyuta itafika mu 1999 ku kabungwe kophunzitsa asodzi komwe ankagwira ntchito pa Boma la Nkhotakota, anailandira ngati mkazi mnzawo.

Bambo Lazaro, mkulu wa ofesiyo, ndiwo anawaonetsa kalembedwe kake. Buku lophunzitsa kuwamba nsomba ankalilemba kamodzi kokha m'fayilo imodzi, akuika tizizindikiro posonyeza mutu ndi ndime. Akadina batani, fayiloyo inkabereka ziwiri: mabuku osindikiza opita kwa asodzi a ku Chia, ndi tsamba la pa intaneti loti aziwerenga anzawo a ku Lilongwe.

Tsiku lina Mayi Rahila anapeza kuti m'bukumo analemba molakwika zoti mchere uthiridwe nsomba zitauma kale. Sanauze munthu. Anatulutsa tipeksi, inki yoyera yofufutira zolembedwa, m'chikwama, naswera akufufuta buku lililonse ndi kukonza ndi cholembera, mwaukhondo ndithu.

M'mawa mwake Bambo Lazaro anasindikiza mabuku ena, ndipo cholakwika chija chinabwereranso mmene chinalili. A ku Lilongwe nawo anaimba foni akuseka.

"Makina osamva awa," anadandaula Mayi Rahila. "Ndakonza dzulo lomweli."

"Mayi, mwasambitsa ana, make mwamusiya ndi litsiro," anatero Bambo Lazaro, akuwatsegulira fayilo ija.

Mayi Rahila anasintha mzere umodzi wokha nadina batani. Buku ndi tsamba, zonse zinatuluka zolondola.

Tipeksiyo sanaitaye. Pa mjigo wa kwawo palibenso amene amasokoneza zidebe za Mayi Rahila, poti chilichonse chili ndi dzina loyera mbee.