Mavwende pa Mchenga Wotopa

Ndimakumbukira kabotolo kamene amayi ankasungiramo nthanga za mavwende, zosakaniza ndi phulusa. Anakatulutsa chaka chimene dzina lawo silinatuluke pa makuponi a feteleza.

Tinali ndi kamunda ka mchenga wotuwa cha ku Kaluluma, kamene fodya anakatopetsa kalekale. Amalume, amene anapata thumba la feteleza, ankakafuna.

"Alongo, mchenga wopanda feteleza ndi bwalo la mpira. Ikafika Khirisimasi pasanayange kanthu, ndiwokerapo fodya."

 Amayi anakumba maenje akuya mpaka m'chigongono, nathiramo dothi la pachulu ndi manyowa a mbuzi, n'kubzalamo nthanga zija, n'kuphimba ndi udzu wakale wa pachigafa cha fodya. Ine ndinkatuta dothilo pamutu, likundiyabwa m'khosi.

Mvula inagwa kawiri, mavwende anamera, kenako kunachita ng'amba. Masana mchenga unkaotcha kumapazi, timasamba titalefuka ngati makutu a mbuzi. Sabata yonse timasambato tinakhala titatutitatu, osawonjezera. Ndinapupuluma. Ndinatapa feteleza wodzaza dzanja m'thumba la amalume, n'kuthira patsinde m'maenje asanu. Patapita masiku awiri, mbewu zisanuzo zinauma. Lero ndimadziwa kuti feteleza amaotcha mizu m'dothi lopanda madzi, koma nthawi imeneyo ndinkayesa amachiza chilichonse.

Amayi sanandikalipire. Anafukula imodzi mwa zoumazo. Muzu wake unali wautali kuposa dzanja langa.

"Waona, mwanawe? Inali pantchito. Vwende limayamba lafuna madzi pansi, kuyanga ndi pambuyo."

Khirisimasi inafika palibe chimene chayanga. Amalume anabwera ndi khasu paphewa. Anagwada, n'kupisa dzanja pansi pa udzu wa dzenje limodzi, kenako lina. Dothi linali lozizira, lomata kuzala, pamene pambali pake panali fumbi lokhalokha. 

"Fodya ndiwokera kwina," anatero. "Koma vwende loyamba kukhwima ndi langa, mwamva?"

Mvula inabwerera sabata yomweyo, mavwende n'kuyamba kuyanga.

Amalume atachoka tsiku lija, amayi anakhala pansi pamchenga wotentha, miyendo ili tambalale, akupukuta m'maso ndi chitenje. Ndinkayesa akulirira mbewu zanga zisanu zija. Sindinkadziwa kuti munda umene mwamuna wawokerapo fodya subwereranso kwa mlongo wake.