Pa Faifi Anadzipatsa Folo

Anzanga, a Magetsi ndinakumana nawo ku saluni komwe ndimagwira ntchito, tsiku lomwe dryer inaphulika kasitomala mutu uli momwemo.

Anabwera kudzaikonza, ka tester ka magetsi kali m'thumba la shati, kumutu imvi mbuu.

"Osanjenjemera mwana iwe, ndi fyuzi chabe."

"Mwana ndi ndani?"

Anaseka... Chaka chisanathe tinali nyumba imodzi. Atsikana a ku saluni ankati ndakwatiwa ndi bambo anga, ine osalabada.

Kenako anadwala khansa ya abambo ija ya prostate, n'kuchitidwa opaleshoni. Paipi ya mkodzo, matewera a akuluakulu, beseni pansi pa bedi, zonsezo zinali zanga. Achibale awo ankangoimba foni.

Atachira, kuchipinda kunangoti zii.

"Magetsi anazima, mayi," ankatero.

"Tiyatsa kandulo," ndinkawayankha. Ndinkawakonda, ndiye ndinadikira osadandaula.

Mwezi watha tinapita ku check-up. Nesi wake anali mtsikana wa msinkhu wanga. Anati amafunsa bambo aliyense wa opaleshoni imeneyi, kuti aone ngati mphamvu zikubwerera.

"Bambo, mundikhululukire. Nkhani ya kuchipinda ija, kuyambira ziro mpaka faifi, mungadzipatse zingati?"

"Folo."

"Mukayamba, mumafika kumapeto?"

"Nthawi zambiri."

Nesi anayang'ana ine. Ndinagwedeza mutu kuvomereza. Mumtima ndinati mwamuna wamkulu chonchi sindingamuvule pamaso pa mtsikana.

Titatuluka ndinawatsina pamkono.

"Koma inu bodza! Folo? Mukananena zoona bwenzi atakupatsani mankhwala."

Analowa m'galimoto, n'kukhala osailiza.

"Sindinamunamize."

Ndinayamba ndaseka. Kenako mawuwo anafika.

"Ndi ndani?"

"Dzina likuthandiza chiyani? Iyeyo sanandionepo nditavala thewera. Iwe ndikakuyang'ana ndimaona wodi ya m'chipatala."

Sindinalire, anzanga. Ndinamanga lamba wa m'galimoto, n'kuwakumbutsa kuti tidzere ku pharmacy.

Pano ndikugona kwa achemwali anga. Iwo akuti ndikwiye, ndikaswe mawindo, ndichite kenakake. Ndayesa, koma m'kati muno mulibe kanthu. Ndimadzuka, ndimaluka anthu tsitsi, ndimabwerera.

Chimene chimandibwerera ndi chimodzi chokha: mutu wanga uja ukugwedera pamaso pa nesi. Ndinachitira umboni ntchito ya mkazi mnzanga.