Mkono Umene Olipa Ankayeserapo Mafuta

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za Olipa wa ku Magodi.

Mu 1994 mayiyu anawononga nkhope ya mwana wake ndi manja ake omwe. Ankagulitsa mafuta oyeretsa khungu pamsika wa Lundazi, othira m'timabotolo topanda dzina. Ukwati wa mwana wake Ennie utayandikira, anayamba kumudzoza m'mawa ndi madzulo kuti akawale. Kalanga ine! Masaya anatuluka matuza, anasupuka, n'kuda bii. Mkamwini anabwera kamodzi kokha, n'kutembenuza njinga osatsanzika.

Ennie anayamba kufunda chitenje kumaso. Mayi ake akayandikira, ankangoti, "Amama, osanigwila."

Olipa analira mpaka misozi kuuma. Timabotolo tonse anakataya m'chimbudzi, n'kulumbira kuti chilichonse cha kufakitale ndi poizoni.

Anamuwongola ndi Mayi Lucy, namwino wochokera ku Chipata. "Amake Ennie, fakitale si mdani. Mdani ni mafuta osalembedwa, osayesedwa. Muzibelenga pepala, muziyesa pamkono masiku atatu."

Kuwerenga? Munthu sukulu analekeza giledi 2! Koma anakalowa kalasi ya akuluakulu kutchalitchi, anthu akumuseka. Atabwerera kumsika ankagulitsa mafuta olembedwa ndi omata bwino okha, ndipo botolo lililonse latsopano linkayamba ladutsa pamkono wake wamanzere. Ena mwa mafutawo ankamuwotcha, iye n'kuwataya. Mkono unadzaza zipsera, koma azimayi anayamba kumukhulupirira, mpaka anatsegula kagolosale.

Ennie yekha ndiye sankalola kukhudzidwa.

Mu 1999 kunabwera mafuta okhala ndi peputaidi, timapuloteni topangidwa ndi akatswiri, amene pepala lake linkati amafewetsa khungu. Olipa anawayesa miyezi itatu, osati masiku atatu. Kenako anangowaika pampando poti Ennie awaone.

Tsiku lina akusenda mtedza, Ennie anauona bwinobwino mkono uja. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anavundukula chitenje.

"Amama, nizoleni ndimwe."

Olipa anatapa mafuta aja n'kuyamba kumudzoza. Panali patatha zaka zisanu asanakhudze tsaya la mwana wake.

Sindikunamizani ayi: zipsera sizinathe, khungu linangofewa, ndipo mwamuna uja anakwatira kwina. Koma Olipa mwana wake anam'pezanso.

Inu amene munapweteka wanu wapamtima, musabise manjawo. Aphunzitseni kusamala, mudikire, osataya mtima.