Chimbale cha Agogo ndi Kamzere Kofiira

Loweruka, m'mwezi wa Julyu, kuno ku Ntengo-Wambalame. Ndinadzuka mphuno zitauma ndi chisanu, koma mtima uli m'malo, chifukwa lero ndi tsiku lolowetsa nyimbo ya agogo m'komputadori.

Agogo aamuna ali ndi galamafoni ndi zimbale zakuda zimene anathawira nazo ku Malawi nthawi ya nkhondo. Amayi amati anasiya mabulangete n'kusenza zimbalezo. Pa chimodzi pali nyimbo imene ankavina ndi malemu agogo aakazi, ndipo akufuna idzalire pa mwambo wa chiliza chawo mwezi wamawa. Galamafoni singapite kumanda. Singano yake yatsala imodzi, yotha kale, ndipo ngakhale ku Furancungo sagulitsa. Komputadori nayo njobwereka kwa msuweni wanga, adzaitenga Lolemba.

Ndinalumikiza chingwe monga anandionetsera msuweniyo, kuchokera pa kabowo ka galamafoni kupita ku komputadori. Ukatero galamafoni imakhala chete, nyimbo imangomvekera pa timasipika ta komputadori. Agogo samva bwino. Anakhala pa mpando pafupi, atavala jekete la kutchalitchi.

Chimbale chitayamba, kamzere koonetsa mphamvu ya mawu kankavina pobiriwira. Ndinatuluka kukapirikitsa nkhuku pa mbatata zimene amayi anasankha. Pobwera ndinapeza kamzereko kali pofiira, kosagwedera n'komwe. Titamvetsera, woimbayo ankamveka ngati akuimbira m'chitini muli mavu.

"Makina a masiku ano," anatero agogo.

Ndinayesa kuchepetsa mawu a zomwe tinajambulazo. Mavu aja anangokhala aang'ono. Ndinaimbira msuweni, iye anati zikaphwanyika polowa ndiye kuti zaphwanyika, ndichepetse pa galamafoni pomwepo ndi pa khomo la mawu m'komputadori, ndiyambirenso. Ndinachepetsa. Kachiwirika sindinatuluke. Ndinaona ndi maso anga dzanja la agogo likupita pang'onopang'ono pa kabatani ka mawu ka galamafoni n'kukapotokola mpaka kumapeto.

"Agogo, kabataniko kanali bwinobwino."

"Kanali bwino kwa ndani? Ine amene ndili pompano sindikumva. Nanga agogo ako ali pansi pa simenti? Iwonso makutu anali ngati angawa."

Ndinapita kukhitchini kukauza amayi kuti singano ikutha.

"Ukawauze asiye kugwira," anatero.

"Kawauzeni inuyo, ndi bambo anu."

"Ine ndili ndi nyemba pamoto."

Ndinakhala pakhonde kwakanthawi. Ku sikola tinaphunzira za mafunde a mawu, koma apulofesori sanatchulepo za agogo. Kenako ndinakumbukira zomvera m'makutu za foni yanga. Ndinazilowetsa ku komputadori n'kukweza mawu otuluka mpaka pamwamba, a pa galamafoni n'kuwasiya pakati. Agogo anazitembenuzatembenuza, anafunsa ngati zachapidwa, ndiye anaziika m'makutu.

Ndinatsitsa singano ndikupemphera chamumtima. Kamzere kanakwera pobiriwira, kanakhudza pachikasu ng'oma zitalowa, n'kubwerera. Dzanja la agogo linanyamuka, linaima m'malere, kenako linatera pa bondo n'kuyamba kuomba. Anatsinzina. Ndiye anayamba kuimba, mokweza kwambiri moti galu wa kwa aneba anayankha. Amayi anabwera pakhomo ndi chipande m'manja. Nyemba zinapserera pang'ono.

Nyimbo itatha tinamvetsera. Inali yoyera, kupatula kuthetheka kwa chimbale chakale. Ndinaisunga m'komputadori ndi m'foni, ndi m'foni ya amayinso.

Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula chakukhutu chimodzi.

"Ine ndili pati?"

Ndinawafotokozera kuti chingwe chimangotenga za m'chimbale, mawu a m'nyumba salowa. Ndinaganiza kuti asangalala.

"Ndiye ndaimbira galu," anatero. Anavula jekete lija n'kupita kudimba.

Madzulo ano ndayesa kamaikolofoni ka komputadori ndi mawu anga, kakugwira. Mawa tikaweruka ku tchalitchi, jekete likadali m'thupi, ndiwakhazika pa mpando womwewo, ndiwaveka zomvera m'makutu, aimbe ndiwajambule. Nyimbo idzachokera m'komputadori, singano ipume. Khomo la mawu ndidzalichepetsa kwambiri, ndipo mpando ndidzaukankhira kumbuyo pang'ono iwo asanalowe.